Lamulo la Madzi

Luckness anaimba wezulo mpaka masaya kupweteka, koma pabwalo la mpira wa manja panangofika atsikana atatu: Princess, Eliza ndi Ethel. Anaima pansi pa golo akukanda nthaka ndi zala zakumapazi, osafuna kumuyang'ana kumaso. Ndowa ya madzi inali pamthunzi wa mtengo wa mango, yodzaza mpaka kukamwa, kapu yapulasitiki ikuyandama pamwamba.

"Anzanu ali kuti?" anafunsa Luckness.

"Sabwera, achemwali," anayankha Princess. "Akuti amayi awo awaletsa."

"Onse?"

"Onse omanga."

Unali mwezi wa Ramazani, pamene Asilamu amamanga, osadya osamwa kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. M'timu ya Luckness, omangawo ndiwo anali ochuluka. Ndipo Loweruka, tsiku loyendera timuyo, linali pafupi.

Luckness anali mu Fomu 3 pasekondale yoyendera ya pa Nselema. Anali wamkuluko kuposa anzake chifukwa anayamba waima sukulu atabereka mwana wake Noah. Chibwerereni, ankakhala kumbuyo kwa kalasi, maso ali ponseponse, khutu lili tcheru ngati wina akumunena. Ndiye anadabwa pamene aphunzitsi anamusankha, pamodzi ndi mnyamata wina wolongolola dzina lake Bizwick, kuti patchuthi apite ku Balaka kukaphunzira ukochi ndi utsogoleri.

Ku Balakako ankawaphunzitsa anali a Maziko, mayi wamtali wamawu okhuthala amene anasewerapo mpira wa manja pautsikana wawo. Pomaliza maphunziro, anabwereka wophunzira aliyense mpira ndi wezulo kuti akayambitse timu papulayimale yoyandikana nayo.

"Ndidzakuyenderani mmodzimmodzi," anatero. "Ndikadzapeza timu ikuyenda, mudzalandira setifiketi. Ndikadzapeza bwalo lamera udzu, mpira ndi wezulo ndidzabwerera nazo."

Tsiku loyendera Nselema linali Loweruka likubweralo.

Pa zonse zimene a Maziko anaphunzitsa, chimodzi chinakhazikika mumtima mwa Luckness. Anati kochi ayambe wayang'ana milomo ya osewera ake asanayang'ane zigoli, ndipo aonetsetse kuti aliyense wamwa madzi. Anzake anangomva ngati phunziro wamba, koma osati iye. Anakumbukira Noah ali wakhanda, atatsegula m'mimba, liwombo litalowa, milomo itauma ngati khungwa, iye akuthamanga naye pakabaza kupita kuchipatala. Anamwino anamuuza kuti akanachedwa pang'ono, bwenzi akunena zina. Kuyambira pamenepo, milomo youma inkamuchititsa mantha kuposa njoka. Choncho atayambitsa timu yake, anaika lamulo: wosamwa madzi asalowe m'bwalo.

Lamulolo linayenda bwino mpaka dzulo lake. Kunja kunatentha koopsa, mitambo itaunjikana koma mvula osagwa. Atasewera pang'ono, Luckness anaimba wezulo ya madzi. Atsikana omanga anakakhala pambali. Pakati pawo panali Asiyatu wa Sitandade 8, wamtali, wovala mpango wobiriwira, amene akaponya mpira pagolo sankaphonya wambawamba.

"Asiyatu, bwera udzamwe."

"Ndamanga, achemwali."

"Ndikudziwa. Koma pano ndi pabwalo. Lamulo likuti aliyense amwe."

"Iyayi, sindingathe."

Luckness anamuyandikira, kapu ili m'manja. Anaona milomo ya mtsikanayo itayera, itang'ambika pakati. Sanaonenso Asiyatu, anaona Noah. Asanaganize n'komwe, anamugwira chibwano n'kumuika kapu pakamwa. Asiyatu analuma mano. Madzi anatsikira pachibwano n'kunyowetsa mpango. Mtsikanayo analavula, anapukuta pakamwa ndi mkono, n'kuthawa akulira, anzake omanga akumutsatira.

Tsopano Luckness anauza atatu aja kuti aziponyerana mpira, iye n'kukhala pachitsa. Posakhalitsa anatulukira Bizwick kuchokera kubwalo la mpira wa miyendo, wezulo yake akuizunguza pachala.

"Amake Noah, zikuyenda? Timu yanu yasanduka kwaya ya anthu atatu?"

"Usandiseke, Bizwick. Mutu ukundipweteka kale."

"Ndamva zimene munachita. Mwatchuka mpaka kumsika, akuti mukubatiza ana a eni ndi kapu." Anaseka, kenaka ataona nkhope ya mnzakeyo analeka. "Tamverani, nkhaniyi ndi yaing'ono. Ine anyamata anga omanga ndawapatsa tchuthi, ndatola ena. Inunso pitani kutchalitchi kwanu, mukatenge atsikana a kwaya, muwaphunzitse kuima m'malo. A Maziko sadziwa nkhope za ana a pa Nselema. Kwa iwo mutu ndi mutu basi."

"Nanga Asiyatu?"

"Adzabwera Idi ikadutsa, kumanga kutatha. Akapanda kubwera, ana atha pa Nselema pano?"

Nzeru ya Bizwick inali yosavuta, ndipo akanatha kuichita madzulo omwewo. Koma njira yonse yopita kwawo ankangoona mpango wonyowa uja. Iye ankawadziwa bwino manyazi ochitidwa pamaso pa anzako. Tsiku limene anabwerera kusukulu, wina anafuula kuti ntchembere yalowa m'kalasi, ndipo kuseka kwa tsiku limenelo kunali kusanachoke m'makutu mwake.

Atafika kunyumba anafotokozera amayi ake zonse. Iwo anapukusa mutu, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mbatata m'kabeseni.

"Kwa anthu amene wawalakwira sapita chimanjamanja," anatero. "Bereka mwana wakoyo uzipita dzuwa lisanapendeke kwambiri."

Kwa a Asiyatu kunali kuseri kwa mzikiti. Luckness anapeza amayi ake a mtsikanayo, Abiti Jafali, atakhala pamkeka akusenda chinangwa cha futali, chakudya chomasulira madzulo. Asiyatu anali pamtondo akusinja mtedza. Atamuona mlendoyo, munsi unaima m'mwamba kanthawi, kenaka unapitiriza mwamphamvu kuposa kale.

"Odi kuno!"

"Eee, fikani," anayankha Abiti Jafali osadzutsa mutu. Luckness anagwada chapatali, Noah ali kumbuyo, n'kukankhira kabeseni kutsogolo. Mayiwo anayang'ana mbatata, kenaka anayang'ana iye.

"Ndinu aphunzitsi a madzi aja?"

"Ndine, mayi. Ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa kwambiri."

"Mukudziwa kuti mwanayu chaka chino ndi choyamba kumanga mwezi wathunthu? Zaka zonsezi amalekera panjira. Chaka chino anati, amayi, ndimaliza. Ndiye dzulo wabwera akulira kuti swaumu yake, kumanga kuja, yaonongeka. Mpaka bambo ake anakafunsa kwa Ashehe."

Luckness anadzutsa mutu. "Anati bwanji?"

"Anati sinaonongeke poti sanameze. Koma chamupweteka si madzi ayi. Munamugwira chibwano ngati mbuzi yomwetsa mankhwala, anzake akuonerera."

Misozi inalengeza m'maso mwa Luckness. Sanafune kudziikira kumbuyo, koma mawu anangotuluka okha. Anafotokoza za liwombo la Noah, za kabaza, za milomo youma. Akulankhula, mwanayo anatulutsa dzanja m'nsalu n'kuyamba kukoka chingwe cha wezulo. Mpeni wa Abiti Jafali unayamba kuyenda pang'onopang'ono, kenaka unaima.

"Liwombo lolowa nanenso ndinalionapo," anatero motsitsa mawu. "Mantha anu ndawamva, amake mwana. Koma uyu si khanda. Ali ndi pakamwa. Munamufunsa kuti madzi amamwa nthawi yanji?"

"Iyayi, mayi."

"Ndiye mufunseni. Si uyo ali apoyo?"

Luckness anatembenuka ali chigwadire. Kufunsa mwana wa Sitandade 8 kunamuvuta kuposa kuyankha funso la masamu pabolodi.

"Asiyatu, mng'ono wanga, pepa. Tandiuza, mumatani kuti mufike madzulo?"

Munsi unagunda kawiri, kenaka unatsamira pamtondo.

"Timamwa pa daku," anayankha mtsikanayo akuyang'ana mtedza. "Timadzuka kusanache, timadya, timamwa madzi mpaka mimba kuti ndii. M'mawa mphamvu zimakhalapo zambiri. Chovuta ndi masana, nthawi imene inu mumatithamangitsa ija."

"Nanga titamasewera madzulo, kuti tizimaliza nthawi yomasula itakwana?"

Abiti Jafali anaseka koyamba, akuloza mtondo ndi mpeni. "Ndiye futali aziphika ndani? Wezulo yanuyo?"

"M'mawa," anatero Asiyatu, tsopano akumuyang'ana Luckness m'maso. "Tikapemphera sitigonanso. Kukangoyera titha kusewera tisanalowe m'kalasi."

Luckness anaganiza za ntchito zake za m'mawa: kutunga madzi, phala la Noah, kuchapa matewera. Zonsezo zikanafunika kuyamba kukadali mdima. Anavomera ndi mutu.

"Ndimulola," anatero Abiti Jafali, "koma mundilonjeze chinthu chimodzi. Dzuwa likangokwera pamwamba pa denga la sukulu, mwana womanga asathamangenso. Kaya kwabwera ndani."

"Ndalonjeza, mayi."

"Chabwino. Kwa amayi enawo mupite nokha, ine sindikuyenderani. Asiyatu akulozerani makomo."

Anayenda khomo ndi khomo mpaka miyendo kulemera. Ena anamulandira bwino, ena anamukalipira kaye asanavomere. Khomo lina anamubweza osamupatsa ndi mkeka womwe.

M'mawa mwake bwalo linali lonyowa ndi mame, nkhungu itagona paminda ya chimanga. Luckness anayala chitenje pansi pa mango n'kukhazikapo Noah ndi kambatata kootcha m'manja. Atsikana anayamba kutulukira m'tinjira, ena akuyasamula, ena atafunda zitenje. Sanabwere onse, koma anakwana timu ndi otsala. Ndipo anasewera mopepuka kuposa masiku onse, mpira ukuuluka m'manja ngati wamera mapiko.

Itakwana nthawi ya madzi, maso a Luckness anaona china. Princess, Eliza ndi Ethel anangozungulira ndowa osaigwira.

"Inu simunamange. Bwanji simukumwa?"

"Manyazi, achemwali," ananong'ona Ethel. "Timwe bwanji anzathu akuona?"

Mantha akale aja anamukweranso Luckness, dzanja n'kuyamba kulunjika kukapu. Analibweza n'kulibisa kumbuyo.

"Atsikana, apa ndiye titani?" anafunsa.

Asiyatu anapita pandowa, anatunga madzi, n'kupatsira Princess. "Imwa iwe. Ukuganiza kuti ndikomoka poona madzi? Ukamamwa ine ndikupirira, sawabu zanga zikuchuluka. Usandimane madalitso."

Onse anaseka, ndipo kapu inayenda. Kuyambira tsiku limenelo, ndowa inakhala m'manja mwa Asiyatu.

Luckness anapempha aphunzitsi ake kuti aimbire foni a Maziko, awauze kuti timu yake imasewera m'mawa. Yankho linabwera loti ayesetsa kukwera minibasi yoyamba.

Loweruka atsikana anafika molawirira, atachapa masiketi awo. Anatenthetsa thupi, anasewera, anapuma, anaseweranso. Luckness ankangoyang'ana kumsewu, kenaka kudenga la sukulu. Dzuwa linasuzumira kuseri kwa malata, linakhala pamwamba pake, kenaka linalisiya dengalo pansi. Mame anauma. Iye anaimba wezulo n'kuuza onse kuti akhale pamthunzi.

Kunja kutatentha kale, kabaza inaima m'mbali mwa bwalo. A Maziko anatsika akupukuta thukuta ndi kansalu.

"Pepani ana anga, minibasi inakhalitsa pa Liwonde kudikira kuti idzaze. Luckness, tiye msanga, ndili ndi masukulu enanso lero. Alowe m'bwalo, ndione masewero athunthu."

Kutsidya, anyamata a Bizwick anali atandanda kale pamzere ngati asilikali. Asiyatu anaimirira n'kumangitsa mpango wake.

"Tiyeni tisewere, achemwali," ananong'ona. "Pang'ono pokha. Amayi sakadziwa. Mpira usapite."

Anzake omanga nawonso anaimirira. Luckness anawayang'ana mmodzimmodzi. Milomo ya Asiyatu inali itayamba kale kuyera m'mbali, ndipo dzuwa lisanalowe panali tsiku lathunthu. Wezulo inali m'dzanja lake. Kungoimba kamodzi, zonse zikanatheka.

"Khalani pansi," anatero. Kenaka anapita kwa a Maziko. "Madamu, pepani. Sindiwathamangitsa."

"Wati bwanji?"

"Ambiri mwa iwowa amanga. Sangamwe madzi mpaka madzulo. Tasewera kale m'mawa. Ndinalonjeza amayi awo kuti dzuwa likapitirira denga lija, sathamanganso."

A Maziko anayang'ana denga, kenaka anamuyang'ana iye nthawi yaitali. "Ukudziwa kuti sindingakupatse setifiketi ndisanaone masewero?"

"Ndikudziwa, madamu."

"Ndipo ukudziwa kuti mpirawu nditha kubwerera nawo?"

Luckness anavomera ndi mutu. Anavula wezulo m'khosi n'kuigwira ndi manja awiri, kudikira kuti ailandire. A Maziko sanatambasule dzanja.

"Ndiye undionetsa chiyani? Ndabwera ulendo wonsewu kudzaona mtengo wa mango?"

Luckness anatembenukira kwa atsikana ake. "Tingawaonetse chiyani tili pamthunzi pompano?"

"Kupatsirana titaima malo amodzi," anatero Eliza.

"Ndi kuponya pagolo," anawonjezera Asiyatu. "Golo ili mthunzi wafikapo. Kuponya sikufuna kuthamanga."

Anachitadi zimenezo. Ananyowetsa zitenje n'kuziika m'makosi mwa omanga, anapanga bwalo laling'ono pansi pa mango, mpira n'kumayenda pachifuwa, pamwamba, pansi. Mawu a Luckness, amene poyamba ankanjenjemera, anayamba kumveka bwino. Ankatchula aliyense dzina, kukonza phazi la uyu, kuyamikira dzanja la uyo. Asiyatu anaponya pagolo mobwerezabwereza, mpira n'kumangolowa. Pa nthawi ya madzi, iye yemweyo anatunga n'kumwetsa anzake osamanga, akuwayang'anitsitsa mpaka kapu ithe. A Maziko anaonerera zonsezo atapinda manja.

Atachoka apo anakaona timu ya Bizwick, imene inathamanga padzuwa fumbi lili koboo. Patapita nthawi Bizwick anadutsa akuvina, setifiketi ataikweza m'mwamba.

"Amake Noah, ndinakuuzani ine! Mutu ndi mutu!"

Luckness anamwetulira mokakamiza. Zinamupweteka ndithu, pakuti pepala limenelo ankalifuna, kuti tsiku lina adzamuonetse Noah.

A Maziko anabwerera pansi pa mango akuitana kabaza ndi dzanja.

"Lero ndaona theka," anatero. "Setifiketi yako ndibwerera nayo ku Balaka. Theka linalo ndidzaona Idi ikadutsa, ndipo ndidzafuna atsikana omwewa, osati nkhope zina." Anatola mpira pansi, anaupimapima m'manja, kenaka anauponya pachifuwa pa Luckness. "Wezuloyo bwezera m'khosi. Ukuigwira ngati dzira bwanji?"

Kabaza itazimiririka kumsewu, atsikana anakuwa ndi chimwemwe mpaka Noah anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Luckness anamunyamula n'kukhala pachitsa. Apa m'pamene anazindikira kuti chidzukireni sanaike kanthu kukamwa.

Patsogolo pake panagwa mthunzi. Anali Asiyatu, atagwira kapu yodzaza ndi manja awiri.

"Akochi, milomo yanu yauma."

"Ndimwa kunyumba, mng'ono wanga."

"Iyayi. Inu simunamange." Mtsikanayo anamwetulira, koma kapu sanaisendeze kukamwa kwa Luckness. Anangoitambasula n'kudikira.

Luckness anailandira yekha, ndipo anamwa mpaka kuona pansi pa kapu.